Nyimbo Imafika, Dzina la Mwini Wake Limatsala M'njira

Tsiku lina madzulo ndinakwera minibasi ku Limbe kulowera ku Bangwe, ndipo tisanapite patali dalaivala anaika nyimbo imene ndinali ndisanaimvepo pawailesi ina iliyonse. Munkamveka gitala imodzi yolira mouma ngati ya nsambo za waya, ng'oma yogunda mwamanganje, ndi mawu a mnyamata amene ankadandaula za lendi ya nyumba mosakaniza Chichewa ndi Chiyao. Nditafunsa kondakitala kuti woimbayo ndi ndani, iye anafunsa dalaivala, ndipo dalaivalayo anasuzumira pakagalasi ka wailesi ya galimoto n'kuwerenga zokhazo zimene zinalembedwapo, zoti Track 14. Anati fulashi yakeyo amakaikitsa nyimbo kwa anyamata obena nyimbo, ndipo sasankha imodziimodzi, amangowauza kuti adzazemo zatsopano. Ndinatsika nyimbo ili m'mutu koma ndilibe dzina loti ndikaifunsire, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulondola mmene nyimbo za oimba osadziwika zimayendera mumzinda wa Blantyre.

Achinyamata amagwiritsa ntchito mawu awiri achingerezi pokamba nkhaniyi, underground ndi independent, ndipo ngakhale ambiri amawasakaniza, satanthauza chinthu chimodzi. Woimba wa independent ndi wodziimira payekha, amene alibe kampani yomulipirira situdiyo, yomulengezetsa ndi yomugulitsira nyimbo, kotero kuti umwini wa nyimbo zake uli m'manja mwake. Ku Ulaya ndi ku America mawuwa ndi olemera chifukwa gawo lalikulu la msika wa nyimbo lili m'manja mwa makampani atatu, Universal, Sony ndi Warner, ndipo amene sali pansi pa makampaniwa amadziona kuti ndi gulu lapadera. Kuno kwathu pafupifupi woimba aliyense, ngakhale wotchuka amene amadzaza holo ya Robin's Park, ndi wodziimira payekha m'lingaliro limeneli. Mawu amene amatithandiza ife ndi enawo, a underground, onena za nyimbo zoyenda pansipansi, zimene sizidutsa pazipata zodziwika monga wailesi, kanema ndi zikondwerero zikuluzikulu za zoimbaimba. Kuyenda pansi sikutanthauza kuti nyimboyo ndi yosapsa kapena kuti mwini wake wangoyamba kumene. M'gululi muli nkhalamba zoimba bangwe ndi kaligo zimene sizinalowepo musitudiyo, muli makwaya a mipingo ing'onoing'ono ya ku Chilobwe ndi ku Machinjiri, muli anyamata a hip hop ndi dancehall a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, mulinso magulu oimba paukwati okhala ndi kiyibodi imodzi. Chimene chimawalumikiza si mtundu wa nyimbo, koma njira imene nyimbozo zimadzera.

Kuti timvetse njirayi tiyenera kukumbukira zipata zimene zinalipo kale. Wailesi ya MBC inayamba mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa 30 inali wailesi yokhayo m'dziko muno. Woimba wofuna kumveka kutali ndi mudzi wake ankayenera kujambulidwa ndi MBC, kaya kusitudiyo zake mu Blantyre muno kaya pamene ogwira ntchito ake ankayenda m'maboma ndi makina ojambulira. Pamwamba pa zimenezi panali lamulo la 1968 lopereka mphamvu ku bungwe lounika zosangalatsa, limene linkatha kuletsa nyimbo. Nyimbo imene sinadutse pamenepo inkathera pamowa, pamsika ndi pasiteshoni ya sitima. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, zipata zinawonjezekera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunatsegulidwa mawailesi omwe si aboma monga Power 101 ndi Capital FM, ndipo malonda a makaseti anakula kwambiri, sitolo ya O.G. Issa ku Limbe ili pakati pa malondawo. Makasetiwo anali ndi mavuto awo, makamaka okopera mwakuba, koma anali ndi chinthu chimodzi chimene sitinkachiwerengera: chikuto. Pachikuto pankakhala dzina la woimba, nkhope yake, mayina a nyimbo, nthawi zambiri ndi situdiyo imene anajambulira. Ngakhale kaseti itadutsa m'manja khumi, dzina linkayenda nayo.

Kompyuta itafika, chipata cha kujambula chinagwa. Lero mnyamata wokhala ndi laputopu yakale, pulogalamu ya FL Studio, maikolofoni imodzi ndi chipinda chokhomedwa matiresi kapena mathireyi a mazira kukhoma akhoza kujambula nyimbo masana n'kuitulutsa madzulo omwewo. Masitudiyo otere alipo ku Mbayani, ku Chirimba, ku Chilomoni ndi kwina konse, ndipo ine ndimaona kuti n'chinthu chabwino kwambiri chimene chinachitikira oimba osauka. Koma pamodzi ndi chipatacho chikuto chinapitanso, ndipo nyimbo inasanduka fayilo.

Fayiloyo imayenda m'njira zimene munthu wongomvera wailesi sangaziganizire. Woyamba kuilandira kawirikawiri ndi wobena nyimbo, uja wokhala ndi kompyuta m'kashopu kapena pakhonde pafupi ndi msika, amene amaika nyimbo m'ma memory card ndi m'mafulashi a anthu pamtengo wochepa. Munthu ameneyu amagwira ntchito imene kale ankagwira muulutsi wa pawailesi, chifukwa makasitomala ambiri satchula nyimbo, amangonena kuti akufuna zauzimu, zakale kapena zovina, ndipo iye ndi amene amasankha. Oimba ena amadziwa zimenezi, moti amakasiya okha nyimbo zawo kwa obenawo mwaulere kuti ziyende. Kuchoka pamenepo nyimbo imalowa m'minibasi, m'malo ometera, m'mabala, m'masipika a anyamata a kabaza, kenako imadumpha kuchoka pafoni ina kupita pa ina kudzera pa Bluetooth, pa Xender ndi pa WhatsApp. Pali chifukwa chomveka chimene anthu amatumizirana fayilo yeniyeniyo m'malo mwa link yolozera ku YouTube: bandulo ya WhatsApp ndi yotsika mtengo kuposa ya intaneti yonse, ndipo fayilo ukailandira kamodzi umaimvera ngakhale ulibe bandulo.

Apa m'pamene dzina limatayikira, ndipo limatayika m'njira ziwiri zimene ndi bwino kuzisiyanitsa. Fayilo ya MP3 ili ndi dzina looneka kunja, limene aliyense angalisinthe, komanso ili ndi malo obisika m'kati mwake, otchedwa ID3, olembamo dzina la woimba, la nyimbo, la chimbale ndi chaka. Ojambula nyimbo ambiri m'masitudiyo ang'onoang'ono sadzaza malo am'katiwa, amangolemba dzina lakunja, mwinanso longoti final mix. Fayilo yotere ikatumizidwa pa WhatsApp ngati nyimbo, foni ya wolandira nthawi zambiri imaisunga ndi dzina latsopano loyamba ndi zilembo AUD, lotsatiridwa ndi deti ndi manambala. Dzina lakunja lafafanizika, m'kati munalibe kanthu, ndipo chatsala ndi mawu okha. Ichi n'chifukwa chake oimba achinyamata amafuula mayina awo kumayambiriro kwa nyimbo, ndipo ojambula amaikamo kamawu kodziwitsa situdiyo yawo. Ena amaona ngati ndi matama, koma kwenikweni ndi chikuto cha kaseti chimene chasamukira m'nyimbo momwemo, pamalo okhawo amene foni singafafanize.

Wina angafunse kuti bwanji osangogwiritsa ntchito Shazam, pulogalamu imene imamvera nyimbo n'kutchula dzina lake. Shazam imatenga kachidutswa ka nyimbo n'kukayerekeza ndi nyimbo zimene zili kale m'nkhokwe yake, ndipo nyimbo zimalowa m'nkhokwemo kudzera mwa makampani ofalitsa nyimbo pa intaneti monga DistroKid, TuneCore ndi CD Baby. Makampaniwa ndi amenenso amapatsa nyimbo nambala ya ISRC, ya zilembo ndi manambala 12, imene imathandiza kuti ndalama za nyimboyo zipeze mwini wake. Koma ambiri mwa makampani otere amafuna malipiro a m'madola kudzera pakhadi la kubanki, ndipo m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa, komanso limene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mnyamata wa ku Manase sangayambire pamenepo. Nyimbo yake sili m'nkhokwe, choncho Shazam imayankha kuti sinaipeze, ngakhale nyimboyo ikulira m'minibasi iliyonse ya njira imeneyo.

Ngakhale woimba atakwanitsa kuika nyimbo pa Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti imene inayamba kupezeka ku Malawi mu 2021, vuto silithera pomwepo. Makina osankhira anthu nyimbo amadalira kwambiri zimene omvera ena achita: akaona kuti okonda nyimbo iyi amakondanso inayo, amakupatsani inayo. Nyimbo imene yamvedwa ndi anthu ochepa ilibe mapazi oti makinawo awalondole, motero saipereka kwa aliyense, ndipo posaperekedwa imakhalabe ndi omvera ochepa. Kumbali ya ndalama, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikalira masekondi 30, ndipo kuyambira mu 2024 Spotify silipira nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12. Ndalama zakenso zimadalira zimene zatoleredwa m'dziko la omverawo, kotero kuti kumvedwa ndi anthu a m'dziko limene olipira ndi ochepa kumabweretsa zochepa. Audiomack ndi Boomplay zimafikirika mosavuta kwa omvera athu, ndipo masamba akwathu monga Malawi-music.com athandiza oimba ambiri, koma nakonso nyimbo imene ili pamwamba ndi imene imaonedwa ndi ambiri. Bandcamp, imene inayamba mu 2008, imayenda mosiyana, chifukwa womvera amagula mwachindunji kwa woimba ndipo kampaniyo imatengapo pafupifupi 15 peresenti pa nyimbo zogulitsidwa ngati mafayilo, koma ogula ake ambiri ali kunja.

Izi zikutifikitsa pankhani imene imandikhudza mtima kwambiri, yoti oimba athu apansi ambiri amene anadziwika kunja anayamba aonedwa ndi alendo. Hugh Tracey anajambula nyimbo m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimene anajambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka akuimba kwela mu Blantyre muno, ndipo kukumanako kunatsegula njira yoti nyimbo zawo zikamveke ku Ulaya. Nyimbo za malemu a Allan Namoko, katswiri wa banjo wa ku Thyolo amene anali wosaona, zinatuluka kunja kudzera ku Pamtondo, kampani yaing'ono imene a John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland, anayambitsa. Madalitso Band, ya a Yobu Maligwa ndi a Yosefe Kalekeni, inaimba kwa zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni ndi gitala ya nsambo zinayi isanakaimbe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo zimbale zake zimatulutsidwa ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Chimbale cha akaidi a kundende ya Zomba, chimene anajambula Ian Brennan, chinapikisana nawo pa mphotho za Grammy mu 2016. Kuno ku Ndirande kuli Kasambwe Brothers, gulu limene linayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi zoimbira zopanga lokha, ndipo patapita zaka zambiri linakajambula ku MASS MoCA, nyumba yoonetsera zaluso ku America.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindikufuna kunyoza ntchito ya alendowa, chifukwa popanda iwo nyimbo zambiri zikanapita kumanda pamodzi ndi eni ake. Komabe tiyenera kuona kuti mlendo amasankha ndi khutu lake komanso ndi msika wa kwawo. Chimene chimakopa omvera a ku Ulaya kawirikawiri ndi gitala ya chigubu, babatoni ndi nkhani ya umphawi, pamene nyimbo za anyamata a m'tauni zopangidwa pakompyuta, zimene ndi zambiri kuposa zinazo, sizitengedwa kawirikawiri. Choncho chithunzi cha nyimbo za Malawi chimene dziko lakunja lili nacho ndi choona koma n'chopereweza, ndipo ife tikamadikira kuti woimba ayambe wakwera ndege tisanamulemekeze, timalandira chithunzi chopereweracho ngati chathu. Nkhani ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, ikusonyeza mbali ina: atajambula limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, nyimbo yawo inafalikira pa TikTok mpaka kumayiko akutali, ndipo amene anawatukula poyamba anali Mmalawi mnzawo.

Mayiko ena a mu Africa adutsa m'njira yofanana. Christopher Kirkley wa kampani yotulutsa nyimbo ya Sahel Sounds ankatolera nyimbo m'ma memory card a mafoni kumpoto kwa Mali, ndipo atafuna kuzitulutsa mu 2011 anayamba wafunafuna eni ake kuti agwirizane nawo ndi kuwalipira. Mmodzi mwa oimba amene anadziwika motero ndi Mdou Moctar wa ku Niger. Brian Shimkovitz wa kampani ya Awesome Tapes From Africa anagula kaseti ya woimba Ata Kak ku Ghana mu 2002 ndipo anatha zaka zambiri akufunafuna mwini wake asanaitulutsenso mu 2015. Chitsanzo chimene ndimachikonda kuposa zonsezi ndi cha kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala, imene inatulutsa singeli, nyimbo zothamanga kwambiri za m'makomboni a ku Dar es Salaam, popanda kuzifewetsa kuti zikomere alendo. Nayo gqom ya ku Durban inakula kudzera m'mataxi ndi m'mafoni isanalandiridwe ndi mawailesi. Munthu amene amamvera zinthu zosiyanasiyana chonchi, kuphatikizapo zamrock ya ku Zambia, marrabenta ya ku Mozambique ndi sungura ya ku Zimbabwe, amabwerera ku nyimbo za kwawo ndi khutu lotseguka, ndipo amayamba kumva kuti ng'oma ya tchopa kapena ya beni imene mnyamata wa ku Bangwe waika pansi pa rap yake si kusadziwa, koma luso.

Nanga munthu wofuna nyimbo zoterezi mu Blantyre angazipeze bwanji? Ntchitoyi ndi ya miyendo ndi pakamwa kuposa ya foni, ndipo safunsa anadya phula. Wobena nyimbo mukacheza naye mwaulemu, n'kumufunsa kuti ndi nyimbo ziti zimene eni ake anabweretsa okha, amakutsegulirani foda imene makasitomala ena saiona. Wojambula nyimbo aliyense ali ndi nyimbo zambiri zimene zinalipiridwa theka n'kusiyidwa, ndipo amadziwa kumene oimbawo amakhala. Mawailesi a m'madera monga Ndirande FM amapereka mpata kwa oimba a m'makomboni kuposa mawailesi akuluakulu. Pazochitika monga Blantyre Arts Festival, kapena madzulo a nyimbo ndi ndakatulo ku Jacaranda Cultural Centre ndi ku Kwa Haraba, ndi bwino kufika msanga, chifukwa oimba osadziwika amaikidwa koyambirira anthu asanadzaze. Maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya makwaya nazonso ndi malo omvera, makamaka kwa amene akufuna mawu a amayi, amene m'masitudiyo a m'makomboni samveka mokwanira.

Kugawira ena nyimbo imene mwaipeza kuli ndi udindo wake. Choyamba ndi kubwezeretsa dzina: kulemba pafayilo dzina la woimba, la nyimbo, dera ndi chaka, kudzaza malo am'kati aja ngati muli ndi kompyuta, ndi kuitumiza pa WhatsApp ngati document kuti dzinalo lisasinthike. Ngati woimbayo ali ndi tsamba pa YouTube kapena pa Audiomack, kutumiza link pamodzi ndi fayilo kumathandiza kuti ena mwa omvera awerengedwe. Pankhani ya ndalama, Airtel Money ndi TNM Mpamba zachititsa kuti kuthokoza woimba kukhale kosavuta kuposa m'nthawi ya makaseti, ndipo ndalama imene munthu mmodzi angatumize ikhoza kuposa imene woimbayo angapeze nyimbo yake itamvedwa kambirimbiri pa intaneti. Palinso bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndi kugawa ndalama za eni luso. Potsatira lamulo la umwini wa luso la 2016, pazipangizo zosungira nyimbo zolowa m'dziko muno pamadulidwa ndalama imene imagawidwa kwa eni luso, koma woimba amene sanalembetse yekha ndi nyimbo zake sangalandirepo kanthu, ngakhale nyimbo yake ili m'mafoni ambirimbiri. Oimba apansi ambiri sadziwa zimenezi, ndipo womvera wodziwa angawafotokozere.

Palinso nyimbo zimene siziyenera kugawidwa ngakhale zikome chotani. Nyimbo zina za kudambwe, za kusimba ndi za chinamwali zili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo kuzijambula mobisa n'kuziika pa Facebook ndi kulakwira mudzi wonse. Chimodzimodzinso woimba wa pamsewu kapena gogo woimba bangwe pakhonde pake ayenera kupemphedwa asanajambulidwe, auzidwe kumene kanemayo akupita, ndipo dzina lake lilembedwe monga mmene iye akufunira. Makanema ambiri a oimba otere amayenda pa intaneti ndi mawu ongoti luso la kumudzi, ngati kuti munthuyo alibe dzina kapena mfumu.

Nyimbo ya m'minibasi ija ndinaipeza patapita masabata angapo. Ndinaimvanso pamalo ometera, ndipo ulendo uno ndinatchera khutu kumayambiriro kwake mpaka ndinagwira kamawu ka situdiyo. Wobena nyimbo wina anandilozera kumene situdiyoyo ili, kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale, ndipo wojambulayo anakumbukira nyimboyo msanga chifukwa mwini wake anali asanamalize kulipira. Anandiuza kuti ndi mnyamata wothandiza amisiri omanga nyumba, amene anabwera ndi gitala yopanga yekha n'kukana kuti ichotsedwe m'nyimbomo. Nditakumana naye sankadziwa kuti nyimbo yake ikulira m'maminibasi, ndipo anandifunsa kawiri ngati ndinali kunena zoona. Tinakhala pansi ndi wojambulayo n'kulemba dzina lake, dzina la nyimbo, Bangwe ndi chaka m'kati mwa fayilo, kenako ndinabwerera nayo kwa wobena uja kuti aichotse Track 14 n'kuikapo yatsopanoyo.